Kulira kwa Njinga ya Abraham

Pa katundu yense amene Abraham anasiya, amayi ake sanafuneko kanthu. Tsiku logawa zovala za malemu, achibale atayala majekete, nsapato ndi mabulangete pamphasa kuseri kwa nyumba ija ya ku Chawama, iwo anangokhala duu pampando wawo, nkhope italoza kukhoma. Atawafunsa kachiwiri, anayankha mosakweza mawu.

"Zovalazo ndi zanu inu openya. Ine ndikufuna njinga yake ilire. Ilowe pageti apo monga inkalowera, ndiimve kamodzi kokha. Mukatero mundikweze basi ya ku Katete, za Lusaka ndathana nazo."

Aliyense anamva chimene ankanena. Matenda a shuga anali atawatseka maso kalekale, ndipo chibwerereni m'tauni kudzatsata chipatala, ankakhala kwa Abraham, mwana wawo woyamba. Abraham ankagwira ntchito yoperekera katundu wa anthu pa njinga yamoto, ndipo njingayo inali ndi liwu lakelake. Chaka china cha mvula, paipi yake ya utsi inagunda mwala wobisika m'matope a pafupi ndi msika, inabooka pamimba, mwiniwake n'kuimata ndi chitini cha mkaka ndi waya. Chiyambire pamenepo inkalira mogunda, du-du-du, ndipo akachepetsa moto pokhota, chitini chija chinkanjenjemera n'kumaliza ndi kaphokoso konga ka munthu woyetsemula. Agalu a mumsewumo ankaidziwa, ana ankaiyerekeza pakamwa. Amayi ankaimva ikadali kutchalitchi cha pakona, n'kuuza mpongozi wawo Exildah kuti, "Tereka madzi, wafika."

Abraham anangodwala masiku owerengeka. Njinga inaima pakhonde nthawi yonse ya maliro ndi mwezi wotsatira, itafundidwa chisaka, ndipo ataiyesa tsiku logawa zovala lija inangotsokomola n'kukhala chete.

"Ni vinthu ving'ono ivo, amai," anatero Silas, mng'ono wake wa malemu, amene anali makanika wa njinga zamoto ndi majenereta. "Petulo yaola chabe mu kabureta. Pa Loweruka muzaimvela."

Basi ya amayi inali ya Lamulungu m'mawa. Ndipo Silas sananame: inali ntchito yoti munthu akaiyamba atamwa tiyi, amaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Koma tsoka silinunkha.

Lolemba m'mawa anaikankha njingayo mpaka kushedi yake ya malata, kufupi ndi msewu wa Kafue, imene ankabwereka limodzi ndi Bwalya, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Njinga inkamulemera kumbuyo, choncho atafika anatsegula bokosi lonyamulira katundu kuti aone. Munali thumba lakale la ufa, ndipo m'thumbamo munali chitsulo chopindika ngati chigoba cha nkhono, chakuda ndi mwaye. Silas anakhala pansi pomwepo, pa tayala lakutha.

Ankachidziwa chitsulocho. Inali tabo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, ya kagalimoto kakang'ono, imene Abraham anaigula kwa ophwasula magalimoto chaka chathachi, n'kubwera nayo pashedi pomwepa mano onse ali pamtunda. Anyamata a njinga zatsopano ankamupitirira pamsewu wa Kafue akumuimbira mluzu, ndipo zinkamuwawa bambo wamkuluyo.

"Mwaiche, mung'ono wanga, nimangileko iyi. Nifuna tuja tunyamata tuone kumbuyo kwanga, olo kamodzi chabe."

Silas anaseka tsiku limenelo mpaka kugwira pamimba. "Ba Abu, iyi ni ya motoka. Mufuna kumangila galu goli ya ng'ombe?"

"Yesako chabe. Si ndiwe makanika?"

Anamuuza kuti abwere mawa. Mawa linasanduka sabata yamawa, sabata yamawa inasanduka mvula ikatha. Abraham sanakwiye, ankangofunsa mwa apo ndi apo akuseka, kenako analeka kufunsa. Silas ankaganiza kuti mkulu wakeyo anaiwala. Osadziwa kuti munthuyo ankayenda nacho chitsulocho m'bokosi tsiku ndi tsiku, kudikira tsiku limene mng'ono wake adzapeze mpata. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Manyazi ndi chisoni zinamugwira Silas nthawi imodzi, ndipo munthu zikamugwira chonchi saganizanso bwino. Analumbira mumtima kuti njinga imeneyi sichoka pashedipo tabo isanamangidwe.

Bwalya anatukula magalasi ake akuda n'kusuzumira. "Nichani ichi, ba Silas? Pampu ya manzi?"

"Tabo. Utsi ukachoka mu injini upita umu, uzungulusa kamphelo aka. Kamphelo kakankhila mphepo yambili mu injini, injini idya maningi, mphamvu ichuluka."

"Pa kanjinga aka?"

"Imwe woshelelani chabe vamene nizakuuzani."

Kuti tabo ilowe, paipi yakale inayenera kuchoka. Mabauti ake anali atachita dzimbiri, ndipo Silas analimbana nawo mpaka sipanala inaterereka n'kumusupula chala. Paipi itagwa pansi, ndi chitini chake ndi waya wake, anainyamula ndi dzanja lamagazi lija n'kuiponya kuseri kwa mgolo wa madzi, kumene iye ndi Bwalya ankaponya zitsulo zonse zotha ntchito. Sanaiyang'anenso kachiwiri.

Tsopano panafunika kapaipi kafupi kochokera ku injini kukalowa mu tabo. Bwalya atangoyatsa makina ake kuti awotcherere, magetsi anazima. Anakhala pamthunzi tsiku lonse akuthamangitsa ntchentche, Bwalya akudya mtedza, Silas akuzunguza kamphero ka tabo ndi chala. Magetsi anabwera dzuwa likulowa, pamene aliyense anali atatseka kale zida zake.

Kunyumba, mkazi wake Felistus anamva nkhani yonse akuchapa mbale, osamudula mawu. Atamaliza anamufunsa, pomuitana ndi dzina la mwana wawo Mwaiwathu monga mwa masiku onse.

"Bashi Mwai, amai banakupemphani tabo?"

"Iwe sungamvesese. Ba Abu banali kuifuna."

"Ba Abu banagona. Bamene bali moyo bapempha chinthu chimozi, ati baimvele. Sukani kabureta, muipeleke."

"Bazaimvela! Bazaimvela na mphamvu!"

Felistus anangothira madzi pansi n'kulowa m'nyumba. Silas anatsala panja akudzilankhulira, kuti akazi sadziwa za injini, kuti iye wagwira sipanala kuyambira ali ndi kabudula wong'ambika. Ndi zoona, ankaidziwa ntchito yake. Chimene chinkamuvuta ndi makutu, amene anangomera kuti chipewa chizikhala bwino.

Mawa lake magetsi analipo, kapaipi kanawotchereredwa, ndipo mavuto enieni anayamba. Tabo imafuna oilo, apo ayi imapsa, choncho anaboola pambali pa injini n'kukokera kachubu. Kachubuko kanadontha. Anakamanga ndi waya, kanadonthera kwina. Atatseka konse n'kuponda kiki yolizira njinga, injini inadzuka, koma mphepo ya tabo inakankha petulo kubwerera m'mbuyo, n'kuyamba kutuluka pa kabureta ngati pampopi wobooka, kunyowetsa buluku lake lonse. Anazimitsa msangamsanga, poti Bwalya anali akuthwanitsa moto chapafupi pomwepo.

"Mufuna kutiocha, mudala?" anakuwa Bwalya akuthawira kumsewu.

Anamasula zonse, nasamutsa kabureta kuiika kutsogolo kwa tabo kuti mphepo izikoka petulo m'malo moikankha. Zimenezi zinadya tsiku lina lathunthu, pamodzi ndi machubu a rediyeta amene anakawasaka kumsika, osapeza saizi, n'kuwadula ndi mpeni wa kukhitchini. Makasitomala ake enieni ankabwera ndi majenereta awo, iye n'kumawabweza osawayang'ana n'kumaso komwe. Mayi wina wa saluni anamutukwana kuti wayamba matama, nanyamula jenereta yake pa wilibala kupita kwa makanika wina.

Injini italira bwinobwino koyamba, Silas anaima chilili. Kugunda kuja kunalibe. Tabo inali itameza liwu lonse la injini, n'kutsala kaphokoso kofewa ndi kamluzu kopyapyala pamwamba pake. Inkamveka ngati njinga ina iliyonse ya mlendo. Mawu a Felistus anamubwerera. Koma anadzitonthoza msanga. Adzangoiyendetsa kamodzi pamsewu wa Kafue, tabo igwire, lonjezo la Abraham likwanire, kenako achotse zonse n'kubwezera paipi yakale. Ndi mabauti chabe, ntchito yosafika ndi ola lomwe.

Vuto linali loti tabo sinkagwira. Injini ya njingayo inali yaing'ono, utsi wake wochepa, moti kamphero kaja kankangozungulira mwaulesi, m'malo mothandiza n'kumatsekereza njira. Njinga imene kale inkathamanga mwa ulemu wake tsopano inkayenda ngati ikupita kumanda. Pamwamba pa apo, tabo inayamba kuyamwa oilo n'kumalavula chiutsi choyera chimene chinadzaza msewu wonse. Amayi ogulitsa tomato ndi nkhuku zootcha anaimirira ndi zitenje pamphuno, kumutemberera iye ndi makolo ake. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kufuula, "Ba mudala, mupopela udzudzu? Bwelani na kwathu!" Ndipo pokwera kamtunda ka pafupi ndi njanji, bambo wina wa njinga yopalasa, atasenza matumba a makala, anamupitirira n'kumupatsa moni waulemu.

Silas anabwerera kushedi atapsa mtima. Potsika, katumba ka mwendo kanakhudza tabo yotentha ija, khungu n'kutsala pomwepo. Anaponya sipanala kukhoma la malata mwamphamvu moti nkhuku za eni ake zinabalalika. Kenako anakaitola yekha, poti panalibe womutolera.

Madzulo ake Exildah anaimba foni. "Ba mulamu, amai bafunsa ngati yalila."

"Yasala pang'ono, mulamu."

"Basankha na chitenge chamene bazavala pa Loweruka. Lelo badya bwino, first taimu kuchokela pa malilo."

Silas anayankha kuti zonse zili bwino, nadula foni. Usiku umenewo chakudya chinamukanika.

Lachisanu anachepetsa oilo wopita ku tabo, anasintha kabowo ka petulo mu kabureta, namanga machubu onse ndi mawaya awiriawiri. Dzuwa litapendeka pang'ono, magalimoto atachepa, anatulukira pamsewu wa Kafue n'kulunjika kummwera, kumene msewu umatsetsereka. Anapotokola moto mpaka kumapeto, nagona pathanki. Injini inakuwa momvetsa chisoni, iye osaileka. Ndiye mwadzidzidzi kamluzu kaja kanakwera, kanasongoka, ndipo njinga inamutsomphoka m'manja ngati wina waikankha kumbuyo. Mphepo inamumenya m'maso. Anapitirira minibasi, anapitirira mnyamata wa njinga yatsopano yofiira, amene anatembenuka kukamwa kuli yasa.

"Ba Abu!" anakuwa Silas m'chipewa chake cha njinga. "Ba Abu, mwaona?"

Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Chubu chinaphulika, phuu, injini inazima, njinga n'kuyenda yokha mpaka kukaima m'mbali mwa ngalande. Silas anakhala pamenepo akuseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Zinatheka. Mochedwa, mopusa, koma zinatheka. Anaikankha ulendo wonse wobwerera, thukuta lili kamukamu, chilonda cha pamwendo chikumulasa, koma mtima utapepuka. Chotsala tsopano chinali chaching'ono: kuchotsa tabo, kubwezera paipi ya Abraham.

Anamasula tabo, naikulunga m'thumba lake lija. Kenako anazungulira kuseri kwa mgolo. Panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuonekabe padothi.

"Ba Bwalya. Visulo vinali apa vili kuti?"

"Banyamata ba skrapu banatenga pa Chitatu, monga lyonse. Munali kumaketi kusakila machubu."

"Na paipi?"

"Paipi iti?"

"Paipi ya ba Abu! Ya chitini!"

Bwalya anavula magalasi ake pang'onopang'ono. "Ba Silas, chili kuseli kwa dramu ni skrapu. Ndimwe munaika lamulo iyo, pamene ninagulisa shokabu yanu ya njinga mwangozi. Munakamba mweka ati chamene ufuna, sunga mukati."

Silas anafuna kumulalatira, koma akanayambira pati? Lamulolo linalidi lake. Dzanja limene linaponya paipi kuseri kwa mgolo linali lake, chala chake chinali chikadali ndi nsanza yomangira bala la tsiku lomwelo. Palibe chowawa ngati kupsa mtima ulibe woti umupsere.

Anathamanga motsimphina mpaka kumalo kumene anyamata a mawilibala amakagulitsa zitsulo, kuseri kwa mabala a mowa a kumapeto kwa komboni. Pasikelo panali mayi wonenepa wovala magolovesi a chikopa. Silas anafotokoza mopupuluma: paipi ya njinga, yobooka pamimba, yomata ndi chitini cha mkaka.

"Va pa Chitatu vinayenda dzulo na lole, bambo. Manje ivo vili mu ng'anjo."

"Mwina inasala."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchilonda cha pamwendo, ndipo sanaseke. Anangomulozera mulu ndi chibwano. Silas anakwera pamulu wa zitsulo zadzimbiri, kufukula mabedi othyoka, mbaula zobooka, marimu ndi zitseko za mafiriji, mpaka manja anachekekachekeka. Anapeza mapaipi a njinga angapo, koma onse anali a eni ake ena. Kutayamba kuda, mayi uja anamuuza mofatsa kuti akufuna kutseka geti.

Anagula imodzi mwa mapaipi aja, yofanana msinkhu ndi yotayikayo. Loweruka kutangocha anali kale pashedi, ndipo Bwalya, amene sankagwira ntchito Loweruka m'mawa, anabwera yekha osaitanidwa, atanyamula zitini za mkaka zimene anatola kunyumba kwake. Anamanga paipi, Silas anaiboola pamimba ndi tchizulo, anamata chitini, namanga waya. Anaponda kiki.

"Awe," anatero Bwalya atapendeketsa mutu. "Ija inali kulila pansi. Iyi ilila monga jenereta."

Anakulitsa bowo. Tsopano inkangophulika ngati mfuti. Anasintha chitini, kuika chachikulu, chinangoti gwedegwede. Anamasula waya pang'ono, chitini chinagwa. Anaumanga kwambiri, kuyetsemula kuja osabwera. Anaphwanya paipi ndi hamala kuti ifanane ndi yogunda mwala, liwu linasinthadi, koma kupita kwina. Bowo la Abraham linabooledwa ndi mwala wa m'matope, chitini chake chinapsa ndi kupindika pang'onopang'ono m'misewu yonse ya Lusaka, ndipo zimenezo munthu sangazipange m'mawa umodzi ndi hamala.

Choipa kwambiri chinali china. Pamene Bwalya ankati iyi yatsala pang'ono, iyi yataya, Silas anazindikira kuti iye mwini sakulikumbuka bwino liwulo. Zaka zonsezi njinga ija ikamabwera pashedi, iye sankamva mkulu wake akubwera. Ankamva paipi yobooka, vuto loti tsiku lina adzalikonze. Wowotcherera mageti ankalidziwa liwu la Abraham kuposa mng'ono wake wa bere limodzi.

Dzuwa litafika pamutu, foni inalira. Anali Exildah, kunena kuti amayi akhala kale panja. Silas anapukuta manja, navala chipewa cha Abraham. Mumtima ankangopemphera kuti mwina makutu a munthu wokalamba, mwina chisoni, mwina chifundo chabe, zidzakwirira pamene iye walephera.

Anadzera njira imene Abraham ankadzera. Pa tchalitchi cha pakona anachepetsa moto monga ankachitira mkulu wake, chitini chinalira kena kake kosadziwika bwino. Ana amene ankasewera mpira wa mapepala anangopatuka osamuyang'ana. Galu wa nyumba yoyandikana, amene kale ankangogwedeza mchira ali chigonere, anadzuka n'kumuuwa mpaka pageti.

Amayi anali pampando wawo pakati pa bwalo, atavala chitenje chatsopano ndi duku loyera, manja ali pamaondo. Exildah anakhala pamphasa pambali pawo, Felistus ndi achibale ena ataima kukhonde. Silas analowa pang'onopang'ono, naima, injini ikulirabe. Anayang'ana nkhope ya amayi ake. Inali itatcherera, chibwano chili m'mwamba, ikudikirabe njinga ina imene inali isanafike pakona.

"Zimitsa," anatero amayi.

Anazimitsa.

"Wabwera ndi ya yani?"

"Ni yamene iyi, amai. Ya ba Abu."

"Bwera nayo kuno."

Anaikankhira pafupi. Amayi anatambasula dzanja, napapasa thanki, napeza pamene panaphwanyika kalekale. Anapapasa chishalo, napeza dzenje limene thupi la mwana wawo linasiya. Anagwedeza mutu, kuvomereza. Kenako dzanja linayamba kutsikira kumunsi, kupaipi yotentha, ndipo Silas analigwira msanga lisanafike.

"Muzapsa, amai."

"Waichita chiyani?"

Anagwada pomwepo padothi, dzanja lawo likadali m'manja mwake, nawauza zonse: za tabo ya m'bokosi, za msewu wa Kafue, za mgolo, za lole imene inapita. Ankayembekeza kuti amukalipira, ndipo ankafuna kuti atero, amutukwane pamaso pa anthu onsewa kuti mwina chimene chinali pachifuwa pake chisungunuke. Koma amayi anangomvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye inathamanga?"

"Inathamanga, amai. Pang'ono chabe."

"Iye akanakondwa," anatero. Anachotsa dzanja lawo m'manja mwake n'kulibwezera pabondo. "Koma iye sanali pano kuti akondwe. Ndinalipo ndine."

Kenako amayi anatseka milomo n'kuyamba kuiliza okha, chapansipansi, kuchokera m'chifuwa. Du-du-du-du. Anaikweza pang'ono, monga imamvekera ikamachoka kutchalitchi. Anaichepetsa pokhota, ndipo pamapeto pake anatulutsa kakuyetsemula kaja ndi lilime kumano, ndendende. Exildah anadzidzimuka, nagwira pansi kuti adzuke akatereke madzi. Atafika pa bondo limodzi anakumbuka, nagwa chafufumimba pamphasa, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Silas analimva liwulo tsopano. Analimva lonse, mpaka anadziwa pamene bowo linali ndi kukula kwake, koma kudziwako kunalibenso ntchito.

"Amai, nipaseni sabata imozi. Nizayesa futi. Manje naimvela, ningaipange."

"Basi yanga ndi ya mawa." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Ichotse pano, mwana wanga. Koma usailize. Uikankhe mpaka ukapitirire tchalitchi. Imene ndili nayo m'mutumu ndi yokhayo yatsala, ndiye iyi ingandisokonezere."

Silas anaimirira. Anakoleka chipewa cha Abraham pachiwongolero, anatembenuza njinga, naikankha kutuluka pageti, tcheni chokha chikulira. Anapitirira galu uja, anapitirira ana a mpira, anapitirira tchalitchi cha pakona. Atafika kumsika, kumene amayi sakanamvanso kanthu, anaika phazi pa kiki, naima choncho kanthawi. Kenako analitsitsa, napitiriza kukankha.